Kufunsa za mowa kwa mayi wofuna mwana: malangizo kwa ogwira ntchito m'zipatala za ku Mzuzu

Mayi amene wakhala pabanja zaka zitatu kapena zinayi popanda mwana akamadzakhala pampando wa m'chipinda chathu chopimira, amakhala atayenda kale maulendo ambiri amene ife sitiwadziwa. Amakhala atapita kwa asing'anga, atachezera kumapemphero a usiku wonse, atamwa mizu yowawa, ndiponso atamva mawu akuti "chumba" kuchokera kwa anthu amene amadya nawo m'mbale imodzi. Kuno kumpoto, kumene mabanja ambiri amalowola, funso lakuti ng'ombe zija zinapitiranji limagwera iye yekha, ngakhale pamene mwamuna sanapimidwepo n'kamodzi komwe. Mayi wotere timamufunsa mosamala za msambo, za matenda opatsirana pogonana ndi za mimba zimene zinapita padera, koma tikafika pa mowa ambiri a ife timalumpha, kapena timafunsa maso ali pabuku kuti, "Mowa simumwa, eti mayi?" Funso limeneli ladziyankha lokha, ndipo palibe mayi wa Umanyano kapena wa kwaya amene angalitsutse.

Malangizo awa ndalembera anamwino, azamba ndi ma clinical officer amene amaona amayi otere, kaya ku Mzuzu Central Hospital, ku Mapale, ku St John's, ku Ekwendeni kapena m'zipatala zing'onozing'ono zolipira za m'tauni muno. Mu 2014 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi aliyense woyembekezera azifunsidwa za mowa msanga ndithu, komanso pa ulendo uliwonse wa sikelo, koma tonse tikudziwa kuti amayi ambiri amayamba sikelo mimba itaonekera kale. Pofika nthawi imeneyo zambiri zimakhala zitachitika, pakuti mtima wa mwana umayamba kugunda patangodutsa masabata atatu chitengereni pathupi, ndipo chiyambi cha ubongo ndi msana chimakhala chitaumbika pofika tsiku la 28, pamene mayi akungoganiza kuti msambo wachedwa chabe. Mayi wofuna thandizo la kubereka amabwera kwa ife mimba isanakhale, ndipo amabwera makutu ali tcheru kuti amve chilichonse chimene chingamuthandize. Kusikelo mwayi wotere umakhala utadutsa.

Choyamba: dziwani zonena ndi zosayenera kunena

Mayi adzakufunsani kuti mowa ukukhudzana bwanji ndi vuto limene wabwerera, choncho yankho likhale lokonzeka. Mowa wambiri umasokoneza mahomoni amene amayendetsa msambo, moti masiku ake amasinthasintha ndipo mwezi wina dzira silikhwima n'komwe. Mimba ikakhala, mowa umawonjezera chiopsezo chopita padera, ndipo umadutsa m'magazi a mayi n'kukafika kwa mwana kudzera mumchombo, pamene chiwindi cha mwanayo sichinakhwime kuti chiuchotse. Dokotala wa ana wa ku France, Paul Lemoine, anafotokoza mu 1968 za ana obadwa kwa amayi omwa kwambiri, ndipo mu 1973 Kenneth Jones ndi David Smith a ku Seattle anapatsa vutoli dzina lakuti fetal alcohol syndrome. Ana otere amabadwa ochepa thupi, mutu uli waung'ono, mlomo wam'mwamba uli wopyapyala, kangalande ka pakati pa mphuno ndi mlomo kasakuoneka, ndipo akakula amavutika kugwira za m'kalasi. Ambiri okhudzidwa ndi mowa ali m'mimba sakhala ndi zizindikiro za pankhopezi, amangotchedwa ana osamva kapena oiwalaiwala. Ubongo ukawonongeka motere subwereranso mwakale, ndipo palibe muyeso wa mowa umene unatsimikizidwa kuti ndi wosaopsa kwa mwana wosabadwa.

Chosayenera kunena ndi chakuti mowa ndiwo wamulepheretsa kubereka, chifukwa zimenezo simukuzidziwa. Malinga ndi WHO, kusabereka ndi kulephera kutenga pathupi patatha miyezi 12 anthu akukhala malo amodzi kawirikawiri popanda njira yolera, ndipo lipoti la bungweli la 2023 linasonyeza kuti vutoli limagwera munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse pa nthawi ina ya moyo wake. Kwathu kuno zoyambitsa zake zambiri ndi machubu otsekeka chifukwa cha chinzonono kapena chlamydia zimene sizinachizidwe, matenda obwera pambuyo pochotsa mimba kapena pobereka, likodzo lolowa m'ziwalo zoberekera kwa amene anakulira kunyanja monga ku Nkhata Bay, ndiponso vuto la umuna. Mukauza mayi wa machubu otsekeka kuti akasiya mowa atenga pathupi, mwamunamiza, ndipo pakadutsa miyezi ingapo popanda kanthu sadzakukhulupiriraninso pa china chilichonse.

Chachiwiri: mukhale awiri basi

Amayi ambiri amabwera ndi amuna awo, apongozi kapena alamu awo, ndipo ena mwa operekezawa amabwera kudzamva kuti wolakwa ndani. Apempheni mwaulemu kuti adikire panja: "Amama, tikupempheni mutidikire pabenchipo pang'ono, tikuitanani tikamaliza kupima." Nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi pamene mukufuna kupima m'mimba, popeza palibe amene amadabwa kutulutsidwa pa nthawi imeneyo. Tsekani chitseko, chifukwa katani satchinga mawu. Ngati mayi amamasuka m'Chitumbuka kapena m'Chitonga ndipo inu simuchigwira bwino, womasulira akhale mnzanu wogwira naye ntchito, osati wachibale wa mayiyo.

Chachitatu: liikeni funsoli pakati pa anzake

Funso la mowa likabwera lokha limamveka ngati mlandu. Liikeni pakati pa mafunso a zakudya, fodya ndi mankhwala amene mayi akumwa, ndipo muyambe ndi mawu onga awa: "Mayi, pali mafunso amene timafunsa aliyense wobwera kudzafuna mwana, kaya ndi wa mpingo uti, chifukwa mayankho ake amatithandiza kusankha mankhwala oyenera. Zimene mundiuze sizipita kwa abambo kunyumba kapena kwa apongozi popanda chilolezo chanu." Mawu akuti "aliyense" akhale oona. Mukamasankha owafunsa poyang'ana kavalidwe, mudzafunsa mayi wogulitsa m'bala ku Chibavi n'kusiya wogwira ntchito muofesi amene amamwa vinyo yekha Lachisanu lililonse chitseko chili chokhoma.

Mawu akuti "chidakwa" ndi "kuledzera" asatuluke pakamwa panu pa chiyambi pano. Musafunsenso kuti, "Kodi mumamwa?" chifukwa yankho lapafupi la funso limeneli ndi ayi. Funsani kuti, "Ndi liti pamene munamwa komaliza chakumwa chilichonse chokhala ndi mowa?" Wosamwa adzangoyankha kuti sanaulawepo ndipo sadzakhumudwa, pamene womwa adzaona kuti simukudabwa naye.

Chachinayi: tchulani zakumwazo mayina, ndipo muziyese

Apa ndi pamene ntchito yambiri imawonongekera, choncho ndikhalitsapo. Kwa anthu ambiri mawu akuti mowa amatanthauza uja wa amuna: kachasu, masese, Chibuku kapena Carlsberg. Mayi akhoza kunena ndi mtima woona kuti samwa mowa, pamene paukwati ndi pa bridal shower amamwa Savanna kapena Hunter's, zimene kutsekemera kwake kumabisa ukali, kapena amamwa vinyo amene anzake anamuuza kuti amawonjezera magazi. Tchulani zakumwazi chimodzichimodzi. Funsaninso za thobwa, limene kuno ambiri amati chindongwa. La lero lilibe vuto, koma logona masiku atatu kapena anayi mpaka kuwawasa ndi kuchita thovu lasanduka mowa, ngakhale likumwedwa ndi anthu opemphera. Popeza ambiri mwa amayiwa amamwanso mankhwala azitsamba, afunseni kuti mizuyo imaviikidwa m'chiyani, m'madzi, m'thobwa kapena m'kachasu.

Mafunso amene tigwiritse ntchito amawerenga mowa m'miyeso, ndipo muyeso umodzi, malinga ndi WHO, ndi magalamu 10 a mowa weniweni, uja woledzeretsa. Kawerengedwe kake n'kosavuta ndipo foni iliyonse ingakuthandizeni: tengani mamililita a chakumwacho, muchulukitse ndi peresenti yolembedwa pabotolo, mugawe ndi 100, kenako muchulukitse ndi 0.79. Botolo la mamililita 330 la maperesenti 5 limatipatsa magalamu 13, umene ndi muyeso umodzi ndi pang'ono. Tambula ya vinyo ya mamililita 150 ya maperesenti 12 ili ndi magalamu 14. Paketi ya Chibuku ya lita imodzi, tikaiwerengera pa maperesenti 4, ili ndi magalamu pafupifupi 32, imene ndi miyeso itatu. Koma chochititsa nthumanzi ndi timabotolo tapulasitiki tija tinalowa m'malo mwa masacheti boma litawaletsa, timene ena amati midoli, pakuti ka mamililita 200 ka maperesenti 40 kali ndi magalamu 63, imene ndi miyeso 6. Mayi akanena kuti, "Ndimangomwa kamodzi kokha," inu n'kulemba 1, ndiye kuti mwataya miyeso isanu.

Kachasu sakhala ndi pepala la peresenti, ndipo ukali wake umasiyana pakati pa wotcheza wina ndi wina, ngakhalenso mumphika umodzi, popeza woyamba kudontha amakhala waukali kuposa wotsiriza. Muwerengereni ngati mowa wa maperesenti 40, kutanthauza kuti mamililita 30 alionse ndi muyeso umodzi, ndipo mudziwe kuti mwina mwachepetsa. Ine ndimasunga m'kabati kapu yapulasitiki, tambula, botolo la Fanta lopanda kanthu ndi kabotolo kamodzi ka pulasitiki kaja. Ndikaziika patebulo n'kunena kuti, "Ndilozereni, mayi, mumathira mpaka pati," chala chimanena zimene pakamwa pakanachita nazo manyazi. Kwa amene amamwera pagulu, kupatsirana paketi kapena chipanda, funsani kuti analipo anthu angati ndipo anamaliza mapaketi angati, kenako mugawe nokha.

Chachisanu: mafunso atatu

Bungwe la WHO linakonza mafunso 10 otchedwa AUDIT, amene anatuluka koyamba mu 1989. Atatu oyambirira paokha amatchedwa AUDIT-C, satenga mphindi zoposa ziwiri, ndipo onse amanena za miyezi 12 yapitayi.

Funso loyamba ndi lakuti, "M'chaka chapitachi mwakhala mukumwa kangati?" Amene sanamwe amapeza 0; kamodzi pamwezi kapena kuchepera apo ndi 1; kawiri mpaka kanayi pamwezi ndi 2; kawiri kapena katatu pasabata ndi 3; kanayi kapena kuposa pasabata ndi 4. Anthu sawerenga masiku omwera, choncho muwathandize ndi zimene angakumbukire mosavuta: kumapeto kwa mwezi ndalama zikalowa, maukwati, Khirisimasi, ndi miyezi ya June ndi July pamene ambiri muno mu Mzuzu amati akuthamangitsa chisanu.

Funso lachiwiri ndi lakuti, "Tsiku limene mwamwa, mumamwa wochuluka bwanji?" Mayi ayankhe m'mabotolo, m'mapaketi kapena m'makapu, kusandutsa m'miyeso ndi ntchito yanu. Muyeso umodzi kapena iwiri ndi 0. Itatu kapena inayi ndi 1. Miyeso 5 kapena 6 ndi 2. Kuyambira 7 mpaka 9 ndi 3. 10 kapena kuposa ndi 4. Akamazengereza, mupatseni manambala oti asankhepo ndipo muyambe ndi apamwamba, monga, "Mabotolo khumi, asanu, kapena awiri?" Munthu akamva kuti khumi ndi nambala imene mumaimva kawirikawiri, kunena asanu kumamupepukira. Nkhope yanu isasinthe ndi yankho lililonse, ndipo cholembera chisaime.

Funso lachitatu limafunsa kuti ndi kangati pamene wamwa miyeso 6 kapena kuposa pa nthawi imodzi. Musamuuze za miyeso, tchulani chakumwa chake chomwe: mapaketi awiri, mabotolo asanu, kapena kabotolo kamodzi kathunthu. Ngati sizinachitikepo ndi 0. Mwa apo ndi apo kosafika kamodzi pamwezi ndi 1. Mwezi uliwonse ndi 2. Sabata iliyonse ndi 3. Tsiku lililonse kapena pafupifupi tsiku lililonse ndi 4.

Mukaphatikiza, mapointi amakhala pakati pa 0 ndi 12. Kwa mayi, 3 kapena kuposa ndi chizindikiro chakuti kamwedwe kake kakhoza kumuika pachiopsezo, pamene kwa bambo malire ndi 4. Malire a mayi ndi otsika chifukwa thupi lake limakhala ndi madzi ochepa poyerekeza ndi la bambo wa sikelo yofanana, choncho mowa womwewo umachuluka kwambiri m'magazi ake. Taonani chitsanzo ichi, chimene chimadabwitsa ngakhale anamwino akale pantchito. Mayi amamwa kamodzi kokha pamwezi, tsiku lolandira, ndipo amamaliza kabotolo kamodzi ka mamililita 200. Pa funso loyamba apeza 1, pa lachiwiri 2, pa lachitatu 2, zonse pamodzi 5. Iye amadziona ngati munthu wosamwa, ndipo oyandikana naye angamuikire umboni, koma mowa wambiri wolowa nthawi imodzi ndi umene umaopsa kwambiri kwa mwana wa masabata atatu amene mayi sakudziwa kuti alipo.

Pali amayi ena amene mapointi awo amatsika koma mtima wanu sukhazikika, mwina chifukwa cha fungo, mwina chifukwa cha mayankho osinthasintha. Kwa amenewa gwiritsani ntchito mafunso anayi otchedwa T-ACE, amene Robert Sokol ndi anzake a ku Detroit anakonza mu 1989 pofuna kufunsa amayi oyembekezera. Loyamba ndi lakuti, "Mumamwa wochuluka bwanji kuti muyambe kuumva m'mutu?" ndipo ngati yankho likuposa mabotolo awiri mayi apeza mapointi 2. Atatu otsalawo ali ndi pointi imodzi lililonse: ngati anthu anamukwiyitsapo pomudzudzula za kamwedwe kake, ngati anaganizapo zochepetsa, ndiponso ngati anamwapo m'mawa kuti achotse matsire kapena kuti thupi likhazikike. Mapointi 2 ndi okwanira kuti mupitirize kufufuza. Ubwino wa funso loyambalo ndi wakuti silimveka ngati chidzudzulo, moti ena amayankha monyadira kuti, "Ine atatu sandichita kanthu," osadziwa kuti thupi lozolowera mowa ndi umboni wa kumwa kwa nthawi yaitali.

Chachisanu ndi chimodzi: akafika 3, malizani mafunso onse

Mafunso 7 otsala a AUDIT amafunsa kuti ndi kangati m'chakachi pamene mayi analephera kusiya atayamba kumwa, pamene analephera kugwira ntchito imene anayenera kugwira chifukwa cha mowa, pamene anafuna wa m'mawa kuti thupi liyambe kuyenda, pamene anadziimba mlandu atamwa, ndi pamene anaiwala zimene zinachitika usiku wathawo. Asanu amenewa amawerengedwa kuyambira 0 mpaka 4 monga funso lachitatu lija. Awiri otsiriza amafunsa ngati iye kapena munthu wina anavulalapo chifukwa cha kumwa kwake, ndiponso ngati wachibale, mnzake kapena wachipatala anadandaulapo za kamwedweko. Yankho la ayi ndi 0, inde koma osati chaka chino ndi 2, inde chaka chino ndi 4. Pa mapointi 40 onse, kuyambira 8 mpaka 15 pamafunika uphungu wachidule, ndipo kwa amayi malirewo akhoza kutsitsidwa kufika pa 7. Kuyambira 16 mpaka 19 pamafunika uphungu wobwerezabwereza ndi kumuyang'anira. 20 kapena kuposa ndi wofunika kuonedwa ndi odziwa za matenda a mowa. Mapointi sanena kuti munthu ali ndi matenda akutiakuti, amangotiuza pofunika kuyang'anitsitsa. Kupima magazi a chiwindi kuli ndi malo ake, koma sikulowa m'malo mwa kufunsa, popeza mayi wachitsikana akhoza kumwa moopsa chiwindi chake chikuonekabe bwino.

Chachisanu ndi chiwiri: kukambirana

Pemphani kaye chilolezo: "Kodi ndingakuuzeni zimene ndapeza pa mayankho anu?" Nenani mapointi ake ndi tanthauzo lake, kenako perekani langizo limodzi lomveka bwino, lakuti kwa mayi amene akufuna kutenga pathupi njira yotetezeka ndi kusamwa n'komwe kuyambira tsopano, osadikira kuti msambo uphonye. Langizo limeneli ndi la aliyense amene amamwa, ngakhale wapeza pointi imodzi yokha. Mukatero khalani chete, mumusiye alankhule, ndipo funso lanu lotsatira likhale lofuna kudziwa kuti amamwa nthawi yanji komanso mowawo umamuchitira chiyani.

Mayi wina amene ndinamufunsa motero anakhala kanthawi akupotokola ngodya ya chitenje, kenako anati, "Adokotala, ine ndimamwa tsiku limene ndaona magazi basi. Ndimakhoma chitseko, ndimwe, ndigone, kuti ndisamve ana a aneba akusewera." Mayi ameneyu akanangouzidwa kuti mowa ndi woipa akanavomera mwaulemu n'kupita. Chimene tinakambirana chinali tsiku limenelo lenilenilo: ndani angakhale naye, angapite kuti m'malo mokhoma chitseko, ndiponso kuti kabotoloko asakagule n'kukasunga m'nyumba podikira tsikulo. Ndinamuuzanso chinthu chimene sankachidziwa, chakuti mimba yongoyamba kumene nthawi zina imadontha magazi pang'ono amene munthu angawayese msambo. Pa amayi onga ameneyu musalephere kufunsa za tulo, za chilakolako cha chakudya, za kulira kosadziwika chifukwa, ndiponso, molunjika, ngati anaganizapo zodzipha. Funsaninso ngati kunyumba akumenyedwa kapena kuopsezedwa kuti abwezedwa kwawo, ndipo ngati zili choncho mumuuze za Victim Support Unit ya kupolisi ndi thandizo limene lilipo pachipatala panu.

Kwa amene amamwera pagulu, vuto lalikulu ndi chonena akapatsidwa botolo, chifukwa mayi wopanda mwana akakana mowa anthu amayamba kuyang'ana pamimba. Mawu akuti "ndili pa mankhwala" amatseka pakamwa pa ambiri, ndipo nthawi zambiri amakhala oona. Amayi ambiri amene tikuwafufuza timawapatsa Flagyl pochiza matenda a m'chiberekero, ndipo mankhwala amenewa sayenera kukumana ndi mowa pamene akumwedwa ndi masiku awiri kapena atatu atatha. Clomifene, amene timapereka kuti dzira likhwime, saperekedwa kwa wodwala chiwindi. Pa ulendo womwewu muyambitseni folic acid, vitamini wothandiza kuti ubongo ndi msana wa mwana ziumbike bwino, wa mamaikilogalamu 400 tsiku lililonse, kuti mayi atuluke ali ndi chinthu choti ayambe, osati choti asiye chokha.

Chachisanu ndi chitatu: amene thupi lake linagwidwa ndi mowa

Pali gulu laling'ono limene langizo lakuti "siyani lero" likhoza kulipha. Awa ndi amayi amene amamwa tsiku lililonse, amene m'mawa manja amanjenjemera, thukuta limatuluka ndipo mseru umawagwira mpaka atalawa pang'ono, kapena amene mapointi awo afika 20. Munthu wotere akasiya mwadzidzidzi, zizindikiro zimayamba pakati pa maola 6 ndi 24, akhoza kukomoka ngati wakhunyu m'masiku awiri oyamba, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu akhoza kusokonekera mutu n'kumaona zinthu zimene palibe. Ayenera kusiya akuyang'aniridwa ndi dokotala, nthawi zambiri atagonekedwa, akulandira vitamini wa thiamine ndi mankhwala oletsa kukomoka monga diazepam. Mupimeni kaye ngati ali ndi pathupi, chifukwa zimenezi zimasintha kasamalidwe kake. Ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi wakuti a St John of God, amene amathandiza odwala matenda a maganizo ndi ofuna kusiya mowa, ali mumzinda momwe muno. Musangonena kuti, "Mupite kumeneko." Lembani kalata, imbani foni mayi ali pompo, ndipo mugwirizane tsiku, chifukwa ambiri amaopa kuti akaonedwa pachipata chimenecho anthu adzati apenga.

Chovuta kwambiri kunena ndi chakuti mankhwala othandiza kutenga pathupi ayambe adikira. Nenani momveka kuti mukuimitsa kaye, simukumukaniza, ndipo kupima kwina monga kwa machubu ndi kwa umuna kupitirire, kuti asaone ngati mwamutaya. Pa miyezi imeneyi kambiranani za makondomu. Jakisoni wolera si woyenera apa, popeza ena akamusiya pamatenga miyezi yambiri kuti ayambenso kutenga pathupi.

Chachisanu ndi chinayi: abambo

Aitaneni paokha ndipo muwafunse mafunso omwewo, mwaulemu womwewo: "Bambo, amayi tawafunsa, tsopano ndi nthawi yanu, chifukwa mwana amachokera kwa anthu awiri." Mowa wambiri umatsitsa mahomoni achimuna, umachepetsa mbewu za mu umuna ndi mphamvu zake, ndiponso umafooketsa bambo kuchipinda. Mbewu zatsopano zimatenga masiku pafupifupi 74 kuti zikhwime, choncho amene wasiya asayembekezere kuona kusintha miyezi itatu isanathe. Mayankho a mkazi wawo musawauze, ngakhale atafunsa mokakamiza. Bambo akavomera kusiya limodzi ndi mkazi wake, mowa umachoka m'nyumba, ndipo mayi sakhalanso yekha wosamwa pa tsiku lolandira.

Chomaliza: zolemba ndi ulendo wotsatira

Buku la kuchipatala limapita kunyumba, ndipo kumeneko limawerengedwa ndi mwamuna, apongozi, ngakhale mwana wa sukulu amene wapemphedwa kuti awerenge dzina la mankhwala. Mawu amodzi olembedwa mosasamala akhoza kukhala umboni pabwalo la ankhoswe. Lembani dzina la mafunso, nambala ndi tsiku, monga "AUDIT-C 5", zimene wachipatala mnzanu adzazimva koma wapanjira sangazimve, ndipo zatsatanetsatane zikhale m'kaundula wa pachipatala. Mayi mumuonetse zimene mwalemba asanatuluke.

Mupatseni tsiku lobweranso pakati pa masabata awiri ndi anayi, ndipo ngati kumwa kwake kumatsatira msambo, tsikulo likhale pafupi ndi pamene akuuyembekezera. Akabwera funsani kuti zayenda bwanji chionaniraneni, osati ngati wasunga lonjezo. Amene wagwa mufunseni chimene chinachitika tsiku limenelo n'kukonza naye njira ina, ndipo mafunso atatu aja muwabwereze pakatha miyezi itatu. Tsiku limene kopimira mimba kadzaonetse mizere iwiri, ena adzakufunsani mwamantha za botolo limene anamwa asanadziwe. Musawaopseze, komanso musawalonjeze zimene simungathe kutsimikiza. Auzeni kuti ubongo wa mwana umakula miyezi yonse 9, choncho kusiya lero kuli ndi phindu, apitirize folic acid, ayambe sikelo sabata yomweyo, ndipo mupemphe chilolezo chawo kuti mzamba amene akawalandire mumuuze mapointi aja.